Njiri ndi Mtsuko Wotuluka Thukuta

Padangokhalatu! Muyankhe mwamphamvu inu akumbuyoko, wosayankha ndimuika m'nthanomu ngati fisi. Eya, tsopano tili tonse.

Padali Njiri, mwamuna wa ndevu zam'masaya, mano opindikira kumwamba ngati mahandulo a njinga, ndi mkazi wake Nangondo. Ana anali nawo asanu ndi awiri, woyamba dzina lake Sekani, onse ofunsa chakudya asanasukusule n'komwe.

Chaka chimenecho anakolola mtedza. Atausenda, Nangondo anaugawa m'mitsuko itatu n'kuitana mwamuna wake.

"Bambo a Sekani, bwerani muone ndi maso anu, mawa musadzati simunauzidwe. Waukuluwu ndi wakudya, tizitapamo chikho chimodzi patsiku, osati ziwiri. Waung'onowu ndi wa mavuto, kaya matenda kaya maliro. Koma uwu," apa n'kuti akuumata pakamwa ndi dothi losakaniza ndi phulusa, "uwu ndi wa mbewu. Ngakhale mutamva ukukuitanani ndi dzina lanu, musayankhe. Ukatha uwu, chaka chamawa ana awa adzadya mchira wanu."

Njiri anawerenga mitsuko ija ndi mphuno. Umodzi. Iwiri. Itatu. Anasuzumira kuseri kwa chitseko.

"Nanga wa maukwati uli kuti?"

Ndikuuzeni matenda a Njiri. Mowa sankamwa. Fodya ayi. Matenda ake anali perekaniperekani. Akangomva kuti kwinakwake kuli ukwati, lichero laikidwa pakati, anthu akuvina n'kumaponyamo mphatso, mchira wake unkangoti njo, wokha, mwini wake asanaulamule. Ndipo woyendetsa mwambo m'maukwati onse anali Khwangwala, uja wa kolala yoyera imene sanaivulepo chibadwire. Khwangwala anali ndi nyimbo imodzi yokha, koma inali yoopsa. Inkaitana amuna amene ali ndi kanthu kunyumba kuti abwere kutsogolo dziko liwaone, n'kumatuma amanjamanja kuti apite kuseri akatsuke mbale. Amayi ankavomera ndi nthungululu, kenaka Khwangwala ankatchula dzina la munthu katatu molikoka ngati mphira. Dzina likatchulidwa kachitatu, ngakhale wodwala msana ankadzuka.

Nangondo anatenga kachikho kobenthuka pakamwa, n'kukadzaza mapira.

"Wa maukwati ndi uwu. Ukwati uliwonse, chikho chimodzi. Ndi mphatso yokwanira pakhomo ngati pathu pano."

"Chikho? Ine? Chobenthukanso? Mayi a Sekani, mukufuna Khwangwala anditume kotsuka mbale pamaso pa a Njati?"

"A Njati ali ndi nkhokwe khumi. Inu muli ndi mitsuko itatu ndi pakamwa zisanu ndi zinayi."

"Koma dzina ndili nalo."

"Dzinalo tidzalikazinga mu Febuluwale."

Njiri anakankhira kachikhoko kumbali. Koma sabata imeneyo Nangondo anamupeza kawiri akununkhiza mtsuko wa mbewu, maso ali psii ngati munthu wopemphera. Ukwati wa mwana wa a Nkhanga unali Loweruka. Mayi anangomanga chitenje, ulendo kwa ankhoswe.

Ankhoswe a banjali anali mayi Gologolo, achemwali ake a Nangondo. Musandifunse kuti gologolo ndi njiri anabadwa bwanji m'nyumba imodzi, ine sukulu ndinalekezera panjira. Chimene ndikudziwa n'choti Gologolo yemweyo ndiye ankakhala patebulo losinthira m'maukwati onse. Munthu akabwera ndi chinthu chachikulu, iye ankachiphwanya kukhala tating'onoting'ono, kuti munthuyo aziponya pang'onopang'ono, avine nthawi yaitali.

Nangondo anafotokoza zonse, misozi ili mbwee.

"Achemwali, kawaletseni. Inu amakuopani."

"Alamu anga aja ndimawadziwa," anatero Gologolo akupesa mchira. "Ndikawaletsa, adzanyamula mitsuko yonse itatu kuti tione mwini nyumba ndani. Iwe tamvera. Loweruka m'mawa undibweretsere kachikho kako ka mapira ndi thumba lopanda kanthu. Madzulo udzadutse kuseri kwa tebulo langa, udzanyamule chimene udzapezepo. Kunyumba usakanene kanthu."

"Basi?"

"Basi. Ine malipiro anga ndi kadzanja kamodzi ka mtedza. Manja anga ukuwaona, ndi ang'ono."

Loweruka, Nangondo atangopita kukathandiza kuphika kuukwatiko, Njiri anaswa dothi lija, n'kusenza mtsuko wa mbewu. Anatenga umenewo chifukwa wakudya unkatsegulidwa tsiku ndi tsiku, wa mavuto unali waung'ono, koma wa mbewu unangokhala phee kudikira mvula. Anafika patebulo akupuma ngati mvukuto.

"Alamu!" Gologolo anakuwa. "Lero mwabweratu ndi nkhokwe yonse! Tikuphwanyireni?"

"Phwanyani, alamu. Ndikufuna ndivine mpaka ng'oma ing'ambike."

Gologolo anakhuthulira mtedza wonse m'thumba la pansi pa tebulo. Anawerama, anakhuthulira mapira a m'kachikho kaja m'chipewa cha Njiri, n'kumupatsa ndi manja awiri.

Njiri anayang'ana m'chipewamo. Anayang'ana mtsuko. Anayang'ananso m'chipewamo.

"Alamu, mtsuko wonse uja wabala izi?"

"Mtedza wanu unali njere zingati?"

"Kaya. Mazana angapo."

"Nanga izi ndi zingati? Tawerengani."

Njiri anayamba. Atafika pa makumi atatu anasokoneza, anayambiranso, anasokonezanso.

"Ndi zikwizikwi zimenezo," anatero Gologolo. "Mazana ndi zikwi, zambiri ndi ziti?"

"Zikwi."

"Ndiye mwapindula kapena mwaluza?"

"Ndapindula," anatero Njiri, koma chipumi chili makwinya okhaokha.

Pomwepo Khwangwala anatsegula kukhosi kwake kwa chitini chong'ambika, nyimbo ija inayamba, amayi nthungululu, dzina la Njiri linakokedwa katatu. Abale inu! Mchira njo! Njiri analowa m'bwalo chammbali, chiuno uku, mutu uko, ndevu zikupita kwawokwawo. Ankatapa tinjere titatu, kuzunguliza dzanja kumwamba ngati akuponya ng'ombe yamoyo, waa m'lichero! Anthu m'manja. Anzake onse anatha zoponya, anakhala pansi, iye chipewa chikadali pakati. Anavina mpaka woimba ng'oma anapempha madzi, anavina mpaka fumbi linafika kwa agogo anga kuno, amakhosomola mpaka lero.

Koma pobwerera, mtsuko uli pululu pamutu, mchira unayamba kugwa pang'onopang'ono. Pofika pakhomo unali ukukwekwereka pansi. Anauika mtsuko pamalo pake mwakachetechete, n'kukagona osadya. Njiri akavina, mkonono wake unkagwetsa mwaye kudenga. Choncho mbandakucha Nangondo anabwezeramo mtedza wa m'thumba uja, n'kumatanso pakamwa, mwamuna osamva kanthu.

Kutacha Njiri ananyang'ama kuti akabise mtsuko mkazi asanauone. Anaunyamula. Sunanyamuke. Anaugwedeza. Tsekeretsekere.

Anakhala pansi.

"Mayi a Sekani."

"Ee."

"Dzulo ndinapita kuukwati?"

"Munapita."

"Ndinavina?"

"Mudzi wonse ukudziwa."

"Popita ndinanyamula chiyani?"

"Ine ndidziwa bwanji? Ndinali kophika."

Njiri anatsina mwendo wake. Unapweteka. Anagwira dothi la pakamwa pa mtsuko. Linali lonyowa. Ananunkhiza chala, anayang'ana kudenga, sikunali kudontha. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa linafika pamutu, kukamwa kuli yasa, ntchentche zikulowa n'kutuluka ngati pamsika. Kenaka anadumpha.

"Thukuta! Ili ndi thukuta! Mtsukowu umagwira ntchito ine ndikagona! Umadzidzaza wokha!"

Nangondo mbale inamupulumuka. Zimenezi iye ndi achemwali ake sanaziganizire.

Patapita masabata awiri kunali chinkhoswe kwa a Nungu. Ulendo uno Njiri sanabisale n'komwe. Anaswa dothi mkazi akuona.

"Bambo a Sekani, ndinati chiyani za mtsuko umenewo?"

"Mayi, inu simukudziwa chimene muli nacho m'nyumba. Ndife olemera. Khalani phee, mawa muona zodabwitsa."

Nangondo anatsegula pakamwa, anakumbukira mawu a achemwali ake, anatsekanso. Anathamanga kudzera njira yachidule ndi kachikho ndi thumba.

Koma Njiri anadzera njira yaikulu, kumene anyani ankakhala pamphambano opanda chochita.

"Abwana! Abwana athu! Mwatchenatu lero!"

Njiri anayang'ana kumbuyo kuti aone abwanawo. Kunalibe munthu. Anali iyeyo! Mchira njo! Anatsitsa mtsuko. Dzanja kwa uyu, dzanja kwa uyo, wina anabwerera kawiri atasintha nkhope, wina anabweretsa apongozi ake. Pofika patebulo mtedza unali utatsika kuchoka pakamwa kufika m'mapewa mwa mtsuko, n'kupitirira pang'ono.

"Alamu," Gologolo anasuzumiramo, "mtsukowu wadwala?"

"Musadandaule, umachira wokha. Phwanyani."

Anaphwanya. Chipewa chomwe chija, mapira omwe aja. Khwangwala nyimbo yomwe ija, ya amuna a kanthu kutsogolo, amanjamanja kotsuka mbale. Njiri anavina mpaka a Nungu eni mwambo minga iwiri inathothoka ndi kuseka.

M'mawa anadzuka tambala asanamalize, anathamangira kumtsuko. Thukuta linalipo. Anaboola kabowo, anapisa dzanja. Dzanja linalowa, linalowa, linalowa mpaka chigongono, ndiye kukhudza mtedza.

"Mayi a Sekani! Wadzaza koma sunadzaze!"

"Mukuti chiyani?"

"Ndikuti wagwira ntchito koma waweruka msanga!"

Nangondo mano anali atalumana, akusesa pamalo amodzi kachisanu.

"Mwina pali pena pamene munataya," anatero.

Njiri anaganiza. Anaganiza zedi, mpaka makutu anatentha. Anyani aja? Ayi, amene aja anangolandira timanja tiwiri titatu, ndiponso anamutchula abwana, anthu aulemu otere sangachepetse mtsuko. Ndiye ndani wina anakhudza mtedzawo?

"Ndadziwa! Ndi patebulo paja! Alamu aja manja awo ndi ang'ono koma ndi achangu. Kusinthitsa kuja ndi kumene kukuufoola mtsuko wanga. Ulendo wina sindisinthitsa."

Nangondo anaponya tsache, liwiro kwa ankhoswe.

"Achemwali, mankhwala anu akulitsa matenda! Tsopano akuti sadzasinthitsanso! Chizimalupsa chagwa kale, mvula yodzalira ili pafupi, ndipo Loweruka ndi ukwati wa mwana wa a Njati!"

Gologolo anasiya kupesa mchira.

"Ati sasinthitsa? Ati chifukwa?"

"Ati mumaba."

"Kadzanja kamodzi ndi kuba? Anthu osayamika! Chabwino, kaubise mtsukowo."

Nangondo anaukwirira kuseri kwa khola, n'kutsirapo zinyalala. Koma mukudziwa mphuno ya njiri, imamva mtedza uli pansi pa nthaka ngati mmene inu mumamvera nyama ikamapsa kwa aneba. Loweruka m'mawa Njiri anapeza pamalo pa mtsuko pali mbee. Ananunkhiza, anatsata, anafukula, anaupeza. Mukuganiza anakwiya? Anagwada n'kuwomba m'manja.

"Tsopano wayamba kuyenda! Mayi a Sekani, ukuyenda wokha! Unali paulendo wa kuukwati, wangosochera njira!"

Ukwati wa kwa a Njati unali ukwati. Kunali a Mvuu, kunali a Chipembere, kunali a Nyamalikiti amene ankaona mphatso za aliyense kuchokera kumwamba. Gologolo anali patebulo pake, thumba pansi, kachikho kobisika, Nangondo ali chilili kuseri kwa amayi ophika.

Njiri anatulukira, mtsuko pamutu.

"Alamu! Tebulo lili kuno!"

"Lero ayi, alamu. Manja anu apume."

"Alamu, tabwerani tinong'onezane kanthu!"

Koma Khwangwala anali ataona kale. Ndipo Khwangwala ankakonda mtedza kuposa mapira, pakuti zogwera kunja kwa lichero zinali zake. Anayamba nyimbo ija, koma lero anaiwonjezera ndime yatsopano, yonena kuti ana ndi amene amasinthitsa, amuna enieni amaponya chathunthu. Amayi nthungululu. Dzina la Njiri linakokedwa kamodzi. Kawiri. Kachitatu linakokedwa mpaka Khwangwala anatsamwa.

Mchira njooo!

Njiri anaswa dothi ndi dzino. Anapisa manja onse awiri. Waa kumwamba! Waa kumanzere! Waa kumanja! Lichero sankaliyang'ananso, mtedza unkagwa ngati matalala, pamitu pa anthu, m'makutu mwa a Mvuu, m'ng'oma momwe. Ana a Nkhanga anathamangira pakati, jomphojompho. Anyani aja anatulukira kaya kuti. Pomaliza Njiri anautembenuza mtsuko, anaugogoda pansi pake kuti onse aone. Psiti.

Nangondo anakhala pansi m'phulusa, chitenje kumutu.

"Mayi a Sekani, musalire!" Njiri anakuwa pakati pa bwalo. "Mawa udzadza!"

Gologolo anaona mbewu ya ana asanu ndi awiri ili balala m'fumbi, pakati pa ziboda za njati makumi anayi. Anayang'ana kumwamba, mitambo inali itada. Anayang'ana mkwatibwi, amene ankabwera kudzavina ndi velo yake yaitali, maso pansi mwamanyazi, osaona poponda. Gologolo sanamuchenjeze. Anangowerenga chamumtima. Phazi loyamba. Lachiwiri. Lachitatu linaponda mtedza.

Phiii!

Mwana wa njati akagwa, abale, si nkhani yamasewera. Dziko linagwedezeka, mphika wa thobwa unadumpha pamafuwa, mkwati pofuna kumugwira naye anaterereka, khu, pamwamba pake. Ng'oma zii.

A Njati anaimirira pang'onopang'ono. Mawu awo ankachokera m'mimba.

"Ndani wamwaza timiyala m'bwalo langa?"

Gologolo anadumphira patebulo, buku la mphatso m'manja.

"Bambo, si timiyala, ndi mphatso ya alamu anga a Njiri. Koma pali vuto. Mwambo wa tebulo lino umati mphatso imene sinadutse posinthira silowa m'buku. Ndipo chimene sichinalowe m'buku, dzina la mwini wake silitchulidwa pomaliza."

Mwambo umenewo unabadwa nthawi yomweyo, patebulo pomwepo, unali usanadulidwe ndi mchombo womwe. Koma ndani akanatsutsa mwini buku?

Njiri makutu anagwa.

"Silitchulidwa? Mtsuko wonse uja?"

"Ine ndaona fumbi lokha, alamu. Ndilembe fumbi?"

"Khwaa! Zimenezo n'zabodza!" Khwangwala analowerera, mtedza uli kukamwa. "Chagwa pansi chagwa! Ndi cha otola!"

"Chagwetsa mwana wanga," anatero a Njati. "Wamwaza atole yekha. Wina aliyense akakhudza njere imodzi, ndimukhalira."

Anyani anabwerera m'mbuyo. Ana a Nkhanga analavula. Khwangwala anameza msangamsanga n'kukonza kolala.

Njiri anayesa kutola ataimirira, khosi linakana, ndi lalifupi. Anapinda mwendo wakutsogolo umodzi. Anapinda winawo. Anagwada, matako kumwamba, pamaso pa a Mvuu, a Chipembere ndi a Nyamalikiti, n'kuyamba kuyenda ndi mawondo. Njere imodzi, m'mtsuko. Ina, m'mtsuko. Ina yophwanyika ndi chiboda. Ina ili pansi pa a Mvuu.

"Pepani bambo, tanyamukani pang'ono."

"Ndangokhala kumene."

"Pepani, pali dzina langa pansipo."

Poponya zinamutengera nyimbo imodzi. Potola zinamutengera masana onse. Ndipo potola paja ndi pamene anayamba kuziwerenga, chifukwa njere iliyonse inkabwera ndi ululu wake wa bondo. Atazungulira bwalo katatu, anakwawira kutebulo. Mtedza unafika pakati pa mtsuko, osapitirira.

Gologolo anakhuthulira mtedzawo m'thumba, anawerama, anathira mapira a m'kachikho m'chipewa cha Njiri.

"Taimani," anatero a Njati. "Mtedza uja mukuupititsa kuti? Si wa ana anga?"

"Tausintha, bambo. Mtedzawo tawerenga, ndi njere mazana awiri. Mapira awa ndi zikwi zisanu. Ana anu alandire ziti, mazana kapena zikwi?"

A Njati anatafuna funsolo ngati udzu, kubweza, kutafunanso.

"Zikwi. Komanso sizigwetsa munthu."

"Mwaona, nzeru za akuluakulu."

Khwangwala anayambanso nyimbo, koma mokwiya, mawu akutuluka ngati akukoka chitseko chadzimbiri. Njiri anayesa kuimirira, mawondo anakana. Mchira unayesa kudzuka, unafika pakati, unagwanso. Anakwawa mpaka palichero, anakhuthula chipewa chonse kamodzi. Pomaliza Gologolo anatsegula buku n'kuwerenga mokweza.

"A Njiri ndi banja lawo, chikho chimodzi cha mapira!"

Anthu anawomba m'manja bwinobwino, monga anawombera a Fulu amene anapereka dzungu, ndi a Mvuu amene anapereka thumba. Palibe anamutuma kotsuka mbale. Njiri anayang'ana uku ndi uku, osamvetsa. Chikho? Anati chikho?

Usiku umenewo mkonono sunabwere, mawondo ankagunda ngati ng'oma. Choncho mbandakucha, maso ali gwa, anamva tsekeretsekere kuchipinda cha mitsuko. Anakwawa mwakachetechete kuti auone mtsuko wake ukugwira ntchito. Anasuzumira.

Anaona Nangondo akukhuthula thumba. Pambali pake mbale ya dothi lonyowa. Pambali pa mbaleyo kachikho kobenthuka pakamwa, tinjere tiwiri ta mapira titakanirira pansi pake.

Njiri anayang'ana thumba. Anayang'ana dothi. Anayang'ana kachikho nthawi yaitali.

"Mayi a Sekani. Thukuta lija?"

"Ndi madzi a pachitsime."

"Kuyenda kuja?"

"Ndinaukwirira ndine."

"Ndiye kwa a Nkhanga ndinaponya chiyani?"

Nangondo anakweza kachikho.

"Kwa a Nungu?"

Anakakwezanso.

"Koma anthu anawomba m'manja! Woimba ng'oma anapempha madzi!"

"Anawombera chikho chomwechi, bambo. Chimene munachikana."

Njiri anakanda mutu ndi chiboda.

"Ndiye ngati ndinkaponya chikho chokha, theka la mtsukowu lapita kuti?"

"Kafunseni abwana anzanu a pamphambano. Kafunseni Khwangwala ndi ziboda za a Njati."

"Ndi manja ang'onoang'ono aja?"

"Amenewo anatenga katatu. Popanda iwo bwenzi mukuyang'ana mtsuko wopanda kanthu."

Asanayankhe, padenga panamveka tho. Kenaka tho, tho. Kenaka mvula yeniyeni, yodzalira.

Anapita kumunda banja lonse. Nangondo ankakumba mapando, Njiri pambuyo pake ndi mawondo, pakuti kuimirira kunali kusanabwerere, akuponya njere imodzi phando limodzi. Palibe anamuimbira nyimbo. Mbewu inathera pakati pa munda ndendende. Njiri anagwedeza mtsuko, anasuzumiramo, anaugogoda pansi pake.

"Tidikire mawa, mwina..."

"Bambo a Sekani."

"Ayi, ndimangonena."

Theka linalo linamera udzu, ndipo chaka chotsatira chikho cha patsiku chinkadzazidwa mongofika pobenthuka paja. Ana sanafe, koma mchira wa bambo awo ankauyang'ana kwambiri mu Febuluwale. Kuukwati Njiri sanasiye kupita, matenda aja satha. Kungoti ankanyamula yekha kachikho kaja, n'kumakaponya tinjere titatutitatu mpaka woimba ng'oma apemphe madzi.

Mukadzamuona Njiri lero akudya, mudzaona kuti amagwada, mphuno pansi, kumayenda ndi mawondo. Anthu amati ndi khosi lalifupi. Bodza. Akufunafuna theka lija. Ndipo Nangondo anandiuza yekha kuti mpaka pano, m'mawa uliwonse, akaganiza kuti palibe akumuona, bamboyo amakagwira pakamwa pa mtsuko kuti amve ngati pali thukuta.

Yathera pompa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaiphule yekha, ine mawondo akundiwawa ndi kukuonetsani mmene ankakwawira.